Dothi la Stephano Ngozo

Joanna ankasita malaya a bambo ake pamene foni inalira. Linali Loweruka m'mawa, mu Novembala wa 1999, ndipo mvula inali ikuwaza pa makonde a nyumba zosanjikizana za ku Pangani. Anasiya simbi n'kuthamangira kukayankha.

Anali mlongo wake Nicholas, akuimba kuchokera ku positi ofesi ya ku Ntcheu. Mawu ankamveka modukaduka.

"Achemwali, moni tipatsana tsiku lina, foniyi iduka. A Nangozo asiya kudya. Lero ndi tsiku lachinayi. Aliyense wolowa m'nyumba akumufunsa chinthu chimodzi: dothi lija lafika?"

"Ndikuyesetsa, Nicholas."

"Mukuyesetsa chiyani? Bambo akhala kwanuko masabata atatu. Kodi Nairobi ndi wamkulu chotani? Mverani, Sylvester wa a Phiri uja amaphunzira kumeneko akukwera ndege Lachinayi masana. Mumupatsire. Mukaphonya pamenepo lidzapeza maliro."

Foni inaduka. Joanna anaima akuyang'ana khoma.

"Najere," anaitana bambo ake kuchokera pa mpando wa pawindo, "chinachake chikupsa."

Simbi inali itagwera pa kolala. Anaichotsa msanga, koma chipsera chinali chitadindika kale. A Dunstan Jere maso awo anali ataphimbidwa ndi ng'ala, n'chifukwa chake anabwera ku Nairobi kudzadikira opaleshoni, koma mphuno ndi makutu zinkagwira ntchito ya anthu awiri.

"Palibe kanthu," anatero mkuluyo. "Jekete libisa. Anali Nicholas? Akuti bwanji a Nangozo?"

Joanna anawauza. Iwo sanamudzudzule. Anangovula chipewa, n'kuchiika pabondo, milomo ikugwedera ndi pemphero. Kukanakhala bwino akanakalipa.

Nkhani ya Stephano Ngozo, mlongo wawo wa a Nangozo, Joanna anaimva kuyambira ali mwana mpaka makutu anaizolowera ngati phokoso la mvula pa malata. Anyamata awiri a mudzi umodzi, Stephano ndi Dunstan, analembedwa usilikali wa atsamunda wa Keyala tsiku limodzi. Mu 1941 anali m'chipululu cha kumpoto kwa Kenya, akulowera ku Abisiniya kukamenyana ndi Mataliyana. Tsiku lina adani anawatchingira pachigwa. Lefutenanti wawo wachizungu, dzina lake Griffin, anagwa poyera. Stephano anathamanga, zipolopolo zikufukula mchenga, n'kumubereka kumsana mpaka kuseri kwa miyala. Kenako anabwereranso kukatenga Dunstan, amene mwendo wake unali utathyoka. Paulendo wachiwiriwo chipolopolo chinamupeza pamimba, koma sanamutule mnzakeyo mpaka anafika.

Onse atatu anawatengera ku chipatala cha asilikali ku Nairobi, mzunguyo ku nyumba ya miyala, awiriwo ku matenti. Griffin ndi Stephano anamwalira sabata imodzi. Lipenga la maliro a Griffin a Dunstan analimva ali chigonere. Za Stephano anangodzuka m'mawa n'kupeza bedi lili ndi munthu wina. Atafunsa anawayankha kuti, "Tamuika." Kumudzi kunapita bulangete ndi kalata ya mizere itatu. A Dunstan atabwerera kwawo, analonjeza mtsikana amene ankalira pakhomo kuti tsiku lina adzabweretsa dothi la pamanda a mlongo wake, kuti akagone pakati pa abale ake. Mtsikanayo tsopano anali a Nangozo a zaka makumi asanu ndi awiri, amene anasiya kudya.

Ndipo Joanna, kwa masabata atatu, ankangoti, "Loweruka likubwerali, bambo." Ntchito ya ku bungwe la za othawa kwawo kumene ankagwira sinkatha. Ankafika madzulo atatopa, n'kupeza tiyi wake atamuvundikira ndi sosala kuti asazizire, bambo ake atakhala phee, osafunsa kanthu.

Lolemba anapempha maola awiri kuntchito. Anapita ku ofesi ina ku Hurlingham imene anamuuza kuti imasunga mabuku a manda a asilikali. Kalaliki wake anali mayi waulemu wa magalasi ochindikala.

"Nambala yake muli nayo?"

Anali nayo. Bambo ake anaitchula m'mawa umenewo osapuma, ngati Pemphero la Ambuye: DN 14307.

Mayiyo anatsitsa buku lalikulu la chikuto cholimba, n'kulibweza. "Pepani, ili ndi la azungu." Anatsitsa lina lopyapyala, lomangidwa ndi chingwe. Anatsata ndi chala tsamba ndi tsamba, n'kubwereza kachiwiri.

"Mulibe. A ku Nyasaland ena alimo, koma uyu ayi. Mwina analembedwa kwina, mwina sanalembedwe n'komwe. Lembani kalata ku London."

"Yankho limabwera liti?"

"Masabata asanu ndi limodzi. Nthawi zina miyezi itatu."

"Ine ndili ndi masiku atatu! Munthuyu anapulumutsa ofesala wanu. Mukufuna kundiuza kuti panalibe ngakhale mmodzi wogwira pensulo?"

"Si ofesala wanga, dada," anatero mayiyo mofatsa, akumutchula mchemwali m'Chiswahili. "Agogo anga nawonso mulibe." Anang'amba kapepala, n'kujambulapo njira ya ku manda a asilikali a ku Ngong Road, n'kulembanso nambala ya matatu, minibasi za ku Nairobi. Joanna anachita manyazi ndi kukweza mawu kwake, koma mkwiyo sunachoke. Unangosowa poutula.

Lachiwiri ananama kuntchito kuti akudwala mutu. Manda a ku Ngong Road anali aukhondo kuposa bwalo la ofesi yawo: udzu wometa bwino, miyala yoyera ili pa mizere ngati asilikali pa perete. Wosamalira malowo anali mkulu wina wa mtundu wa Chikamba, amene ankamutchula mwaulemu kuti mzee Kimeu. Atamva chimene ankafuna, anatsamiritsa chikwakwa chake pamtengo, n'kutenga ambulera yothyoka nthiti imodzi, n'kumayenda naye mzere ndi mzere atamufunditsa iye, mwini wake akunyowa phewa.

Anawerenga miyala yonse ya asilikali akuda. Anawerenga maina a pa khoma la amene manda awo sadziwika. Joanna anapeza a Banda, a Mwale, a Saidi, anthu akwawo ogona kutali, koma Stephano Ngozo panalibe. Kumbali ina, pansi pa mtengo wa maluwa ofiirira, anangoona dzina likumuyang'ana: Griffin. Mwala wake unali ndi zaka zake, gulu lake, ndipo m'munsi munali mawu a mayi ake olira mwana wawo. Patsinde panali maluwa obzalidwa bwino.

"Uyu abale ake anabwera chaka chatha," anatero mzee Kimeu m'Chiswahili chapang'onopang'ono kuti mlendoyo amve. "Anajambula zithunzi. Anthu abwino ndithu. Kayeseni ku Kariokor, mama. Ambiri a ife anatiika kumeneko."

Lachitatu anapita ku Kariokor, kufupi ndi kwawo komwe, kumene ankadutsa tsiku lililonse pa matatu osadziwa kuti kuli manda. Anapeza miyala ingapo, ndi malo aakulu opanda mwala, udzu wokhawokha. Kuseri kwa mpanda amakanika ankakhoma zitsulo. Anawerenga miyala ija kawiri. Kenako anaima pakati pa udzuwo nsapato zitalowa matope. Mwina anali atamuponda. Mwina anali ku malo ena kumene pano pamangidwa sitolo. Anafuna kupemphera koma mawu amene ankabwera sanali oyenera kuuza Mulungu.

Pofika kunyumba dzuwa linali lisanalowe. Pansi pa masitepe a nyumba yawo panali kabedi ka maluwa kamene amphaka a m'deralo ankakonda kugonapo. Dothi lake linali lofiira ngati la ku Ngong Road, ngati la ku Kariokor, ngati la Nairobi yense. Joanna anayang'ana uku ndi uku. Anatulutsa kachitini kamene bambo ake anabwera nako kuchokera ku Ntcheu, kamene Joanna anayenda nako m'chikwama masiku atatu, n'kukadzaza ndi manja. Dothi ndi dothi, anadziuza yekha. Mayi wokalamba adye, afe mtima uli m'malo. Walakwa ndani, ine kapena amene sanalembe dzina?

"Bambo, ndapeza."

A Dunstan anatambasula manja onse awiri. Atalandira kachitiniko anatsetsereka pampando n'kugwada pa simenti, mwendo wolumala uja utatambalala kumbali. Anathokoza Mulungu nthawi yaitali. Anatchula Joanna ndi dzina, kuti Ambuye amudalitse mwana amene wachotsa manyazi a bambo ake. Joanna anayang'ana kudenga.

"Ali kuti?" anafunsa atakhalanso pampando.

"Ku Ngong Road."

"Pali mwala?"

"Ulipo."

"Ona! Ndiye ndinkawanenera zoipa pachabe anthu aja." Anasisita chivundikiro cha kachitini. "Watapa kumutu?"

"Kumutu, bambo."

"Wachita bwino. Nanga utamuuza, unamva bwanji mumtima? Anavomera?"

"Kumuuza chiyani?"

Mkuluyo anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu ake. "Sunamulankhule? Sunamutchule chiwongo, n'kumuuza kuti nyamuka, tikupita kwanu?"

"Sindinadziwe kuti…"

"Iii, Najere. Sukulu yonse ija." Anaseka pang'ono, mosanyoza. "Ndiye watenga dothi chabe, munthuyo wamusiya pomwepo. Munthu sumunyamula ngati thumba la makala. Umamudzutsa, umamuuza amene wabwera, umamuuza njira. Kulakwa n'kwanga, sindinakulangize. Palibe chaipa. Ndege ndi ya masana eti? Mawa m'mawa unditengere komweko ndikamuuze ndekha. Ndi bwinonso kuti amve mawu amene akuwadziwa."

Joanna ananyamuka. Anapita kukhitchini n'kutsegula mpopi kuti madzi azisokosera.

Lachinayi a Dunstan anadzuka m'mamawa. Anavala malaya opserera kolala aja, jekete lakuda pamwamba, ndi mamendulo atatu amene anawapukuta ndi phulusa la mbaula ya mlonda wa pageti. Mu takisi anakhala chilili ngati ali pa perete, kachitini kali pamiyendo. Magalimoto anathithikana kuyambira m'tauni mpaka kupitirira mphambano ya ku Kibera, ndipo pa mphambano iliyonse Joanna ankati anena tsopano, koma ankayang'ana nkhope ya bambo ake n'kumeza mawu. Maso awo saona, anaganiza. Mwala uliwonse ndi woyera kwa iwo. Tikangotha mphindi khumi, zatha.

Mzee Kimeu anawaona akulowa pageti. Anayang'ana mamendulo, n'kuvula chipewa.

"Shikamoo, askari," anawapatsa moni wa akuluakulu.

"Marahaba!" anayankha a Dunstan, Chiswahili cha ku nkhondo chikutuluka ngati anachisiya dzulo. Anacheza pang'ono. Bambo ake a Kimeu nawonso anali a Keyala, anakafika mpaka ku Burma, ndipo anabwerako ndi chifuwa chimene chinawapha. Akuluakulu awiriwo anagwirana manja nthawi yaitali.

"Mwana wangayu wandipezera mnzanga," anatero a Dunstan monyadira.

Mzee Kimeu anayang'ana Joanna. Joanna anayang'ana pansi. Mkuluyo anavalanso chipewa. Anangopita kukatenga chiguduli choti mlendo agwadire, poti udzu unali wonyowa.

Joanna akanatha kusankha mwala uliwonse wa msilikali wakuda. Koma miyendo yake inakana kukaimika bambo ake pa manda a mwana wa eni ake amene sankamudziwa n'komwe, ndipo inamufikitsa pa mwala umodzi wokha umene unali ndi mbali m'nkhaniyi, pansi pa mtengo wa maluwa ofiirira.

"Ndi pano, bambo."

A Dunstan anagwada pa chiguduli. Anaika chipewa pansi, kachitini pambali pake.

"Ngozo," anayamba motsitsa mawu. "Ngozo, ndine Dunstan. Ndachedwa, mbale wanga."

Anatambasula dzanja kuti agwire mwalawo monga mmene munthu amagwirira phewa la mnzake. Zala zinagwera m'zilembo zogoba. Zinatsika m'munsi, zinapeza mzere wina, ndi wina, ndi winanso. Zinafika pa maluwa a patsinde. Mawu anaima.

"Mawu onsewa anamulembera ndani Stephano? Mayi ake sankadziwa kulemba."

Zala zinakweranso pamwamba n'kuyamba kutsata chilembo chimodzichimodzi, mosafulumira, ngati mwana wa sitandade wani.

"Bwana Griffin," anatero a Dunstan pomaliza. "Mwagona pabwino, bwana. Pamthunzi. Maluwa akuthirirani." Anapukusa mutu. "Ankalemera munthu uyu, Najere. Stephano anali kamunthu kochepa, kosafika paphewa langa, nsapato anali atangozilandira chaka chomwecho. Sanali woipa mzunguyu, ankatigawira fodya. Koma mpaka tsiku limene anaberekedwa kumsana ankamuitana Stephano kuti boyi. Sindikudziwa ngati dzina lake analidziwa."

Anatembenuka ali chigwadire. "Stephano ali kuti?"

"Palibe, bambo." Mawu anatuluka okhaokha tsopano. "Ndafuna ku ofesi, ndafuna muno mwala ndi mwala, afunseni mzee. Ndafuna ku Kariokor. M'mabuku mulibe, pakhoma palibe. Sanamulembe paliponse."

"Nanga dothi ili?"

"Ndatapa kunyumba. Pansi pa masitepe."

"Pogona amphaka paja?"

"Eya."

Mkuluyo anatulutsa kaphokoso kokhala ngati kuseka. "Ndiye dzulo ndagwadira dothi la amphaka. Ndamuthokoza Mulungu chifukwa cha dothi la amphaka."

"Ndimafuna a Nangozo adye, bambo. Akanadziwa bwanji? Ndani akanavulala?"

"Iwenso?" Aka kanali koyamba kukweza mawu chibwerereni ku Nairobi. "Iwenso ukuti ndani adziwe? Ndi mmene ananenera amene anamukwirira usiku ngati galu! Anati ndi wakuda, kwawo n'kutali, ndani adzafunse? A Nangozo analandira kale bulangete m'malo mwa mlongo wawo. Anthu achilendo anawanamiza, ndipo tsopano tiwanamize ife a pakhomo?"

Anatsegula kachitini n'kukhuthulira dothilo pa udzu, kutali ndi maluwa a Griffin. Anakagogoda pabondo kuti mutsale mopanda kanthu, n'kupukutamo ndi mpango. Kenako zala zawo zinayamba kulimbana ndi pini ya mendulo yapakati. Inatenga nthawi. Joanna anafuna kuthandiza koma anaopa. Mendulo inagwera m'kachitini ndi kaphokoso kouma.

"Iyi anandipatsa chifukwa ndinabwerako wamoyo. Amene anandibweretsa sanamupatse kanthu. Sylvester akawauze a Nangozo zoona: manda sitinawapeze, dzina silinalembedwe, Dunstan walephera. Akafuna kudya adye, akafuna kundikwiyira andikwiyire. Ndidzutse."

Joanna ndi mzee Kimeu anawagwira uku ndi uku. A Dunstan anakonza jekete, n'kuwongola msana mmene ukanathera.

"Ndimuitanabe. Kaya amva, kaya samva. Ndiyang'ane kuti?"

Funsolo analilunjikitsa kwa Joanna. Joanna anayang'ana mzee Kimeu. Mkuluyo anayang'ana mizere ya miyala, mpanda, nkhalango ya kuseri, utsi wa mzinda kutali, n'kutambasula manja opanda kanthu.

"Ndiyang'ane kuti?" anabwerezanso a Dunstan mwaukali. "Munthu anafera mfumu yawo, ndipo palibe angandiuze koyang'ana?"

Anatembenuka okha pang'onopang'ono, mpaka dzuwa la m'mawa linawagunda patsaya lamanzere. Pamenepo anadziwa kuti ayang'ana kummwera, kumene kuli kwawo. Anamenyetsa chidendene pansi, n'kukweza dzanja pachipumi. Mzee Kimeu naye anaima njo, chikwakwa chili paphewa.

"DN 14307, Stephano Ngozo! Ngozo! Kulikonse kumene anakutaya mumzinda uno, ndi ine Dunstan Jere amene unandinyamula. Dothi lako ndalisowa. Lowa m'kachitini aka ngati ungathe. Mnyamata wina akunyamula lero pa ndege, mukatsikira ku Lilongwe, mukakwera basi ya ku Ntcheu, mukatsika pa Kampepuza. Mlongo wako akukudikira, usachedwenso!"

Anatsitsa dzanja. Mbalame zimene zinathawa mumtengo zinayamba kubwerera. Anatseka kachitini n'kukagwira pachifuwa.

"Bambo," anatero Joanna, "pepani."

"Usandiuze ine. Ine ndine bambo ako, mawa ndidzaiwala. Uza mwini wake amene umafuna kumusiya kuno kachiwiri."

"Ndinene bwanji?"

"Mokweza. Ndi wa zaka makumi awiri ndi chimodzi, koma ndi wamkulu kwa iwe. Umupatse ulemu wake."

Joanna anayang'ana wotchi. Sylvester anali akudikira kale ku bwalo la ndege. Anasiya chikwama pansi, n'kugwada pa udzu wonyowa ndi siketi yake ya kuntchito, pambali pa kamulu ka dothi lofiira lija. Mawu ake anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira, mpaka anthu awiri amene ankadutsa kunja kwa mpanda anatembenuka.

"A Ngozo, ndine Joanna, mwana wa a Dunstan. Mukanapanda kubwerera kachiwiri tsiku lija, bwenzi ine kulibe. Ndakhala mumzinda uno zaka zisanu ndi chimodzi osakufunani ngakhale tsiku limodzi, ndipo nditakusowani ndinafuna kunamiza mlongo wanu. Ndalakwa. Ndikhululukireni, a Ngozo. Chonde ndikhululukireni."